Zida za pa Gulf

Ndinakwera masitepe a pa Gulf ndalama zili m'sokosi,
madola okwinyika a miyezi isanu ndi inayi,
akununkhabe matimati a pa Mbare.
Garikai, mnyamata wa shopu yapakona,
anandiyang'ana ngati ndaphonya khomo.
"Amayi, mukufuna ya masewera?"
Ayi, ndinatero, ine sindithamangitsa galimoto pa sikirini.
Ndikufuna yomeza pepala n'kulibweza lomwelo,
osadya chidindo, osasintha dzina.

Anatsegula bokosi lakuda ngati akutumbula mbuzi.
"Ubongo wake ndi uwu, purosesa.
Musatenge wodula. Ntchito yanu si yolemera, yangochuluka."
Ndinaseka ndekha.
Amayi ankatero akamachokera kochapa ku Avondale,
manja atatuwa ndi sopo.

Nanga ramu n'chiyani?
"Ndi tebulo," anatero, "poyala mapepala isanawasunge."
Ndiye undipatse tebulo lalikulu, mwanawe.
Pa Makombe anthu safika ndi pepala limodzi.
Amabwera ndi jumbo yathunthu:
khadi la kusikelo, kalata ya sukulu,
chiphaso cha imfa ya munthu amene akanawachitira umboni.

Khadi la zithunzi analibweza yekha pa shelefu.
"Ili n'la ana a ku Borrowdale.
Ndalamayo gulirani batire,
magetsi a kuno amachoka osatsanzika."
Apo ndinayamba kumukhulupirira.

Madisiki awiri: kamodzi kakang'ono kothamanga,
ina yaikulu, yaulesi, yongosunga.
Pulinta ya ufa, osati ya inki,
poti inki imalira ikaona mvula ya Januwale
ndipo mzere wa pa Makombe ulibe denga.
Fani tinaimvetsera tonse awiri, makutu pa bokosi,
ngati anamwino pa chifuwa cha khanda.

Tinakangana pa sikana.
Iye ankafuna yokoka yokha masamba makumi asanu,
fyu, fyu, fyu, kasitomala wapita.
Ine ndinapisa dzanja m'chikwama
n'kutulutsa chitupa cha bambo.
Chinapindidwa kambirimbiri mpaka chinafewa ngati nsanza,
m'mapindo muli thukuta la kunjanji,
la munthu amene anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi
n'kufera ku Rugare akunenabe kuti chaka chamawa tipita kwathu.
Ichi ungachiike m'kamwa mwa makina ako?

Garikai anapukuta manja pa thalauza.
Anatsitsa ina, ya galasi, yachivundikiro,
nachigoneka chafufumimba mosamala.
Kuwala kunayenda pansi pake pang'onopang'ono
ngati sitima yolowa pa siteshoni usiku.

Ndipo bambo anatulukira,
a zaka makumi awiri ndi ziwiri,
kolala yobwereka, maso osaphethira,
makutu aja amene mwana wanga anatengera.
Pansi pake dzina, monga analimvera kalaliki wa nthawiyo:
Tshizanja.
Ife ndife a Chidzanja.

"Ndingakonze," anatero Garikai, mbewa ili m'manja,
"mphindi imodzi yokha, palibe angadziwe."
Ndinayang'ana zilembo zimene zatiimika pa mizere zaka zonsezi,
ine, mlongo wanga Elufe, ana ake atatu,
kutibweza pa windo lililonse kuti mubwerenso Lachiwiri.
Lisiye, ndinatero.
Makinawa ndikugula kuti azinena zimene aona.
Kukonzako tikakonzetsa kwa amene analakwitsa.

Tinatenga zonse ziwiri, yokoka ndi ya galasi.
Anandichotsera madola asanu, nandiponyera waya waulere.
Mu kombi kondakitala anati bokosi lilipire mpando.
Ndinalipira.
Linakhala pawindo, ine pakati,
chitupa chili pachifuwa,
ndikuwerengera mumtima mtengo wa tsamba limodzi
woti gogo wochokera ku Epworth angakwanitse
n'kutsalabe ndi yokwerera pobwerera.